PostgreSQL m'shopu ya alamu ku Limbe: zomwe ndaona pa miyezi 14

Mu Meyi 2024 ndinayika PostgreSQL 16, pulogalamu ya database (yosunga ndi kufufuza zolembedwa monga malonda ndi ngongole), pa kompyuta yakale m'shopu ya alamu anga ku Limbe. Patangotha milungu itatu ndinali nditayamba kuuza aliyense wondifunsa kuti database imeneyi imadzisamala yokha, ukangoiyika wathana nazo. Pamene ndikulemba izi tili mu Julayi 2025, chiperoni chatikuta, papita miyezi 14, ndipo mawu aja ndikufuna ndiwakonze. Sindikuwabweza onse ayi. PostgreSQL sinatitayirepo mzere ndi umodzi womwe. Koma pa miyezi imeneyi tinakhalapo milungu yambiri tilibe chotiteteza konse, ife osadziwa, ndipo vuto silinali m'kati mwa database. Linali pa zinthu zoizungulira: magetsi, wotchi ya kompyuta, ndi backup, kopi ya zonse yosungira tsiku la tsoka, imene panalibe woiyang'ana.

Alamu amagulitsa simenti, malata, misomali, penti, mapaipi ndi zina zomangira. Makasitomala awo ambiri ndi amisiri ochokera ku Bangwe, ku Chigumula ndi ku Machinjiri, ndipo ena mwa iwo amatenga katundu pa ngongole n'kudzalipira mwini nyumba akawapatsa ndalama. Kale zonsezi zinkalembedwa m'makope a chikuto cholimba. Ine ndinawalembera kapulogalamu kogulitsira ndi kosungira ngongole, kamene amakatsegula malo atatu: pa kauntala, kuseri kosungira katundu, ndi pa laputopu ya alamu. Malisiti pa tsiku safika 100. Database yonse, patatha miyezi yonseyi, sinakwane 60MB. Kunena zoona njovu ya pa chizindikiro cha PostgreSQL ija pano ikusenza kathumba ka mchere.

Anzanga a ntchito za kompyuta anandifunsa kuti bwanji osaiyika pa seva za pa intaneti, zimene eni ake amakusamalira zonse. Zifukwa zinali ziwiri. Seva zimenezo zimalipiridwa mu madola, ndipo alamu anali asanaiwale za Novembala 2023 pamene kwacha inatsitsidwa mphamvu ndi 44 pa 100 aliwonse. Chachiwiri, intaneti ikangogwedera ndiye kuti kugulitsa kwaima, pamene kasitomala ali pakhomo ndi galimoto ya hayala ikudikira matumba a simenti. Choncho tinasankha kompyuta ya m'shopu momwemo, ya Ubuntu 24.04, yomwe imabwera ndi PostgreSQL 16 m'nkhokwe zake. Chisankho chimenechi ndikuchiimirabe. Koma chikutanthauza kuti ntchito imene eni seva akanakuchitira, uichita wekha.

Nkhani yaikulu ndi ya backup, ndiye ndikhalapo kanthawi.

Ndinaikonza tsiku lomwelo loyika. Mzere umodzi mu cron, pulogalamu yoyambitsa ntchito pa nthawi yoikika: 2 koloko usiku uliwonse pg_dump, chida chokopera database, itulutse zonse, gzip ipanikize kuti zichepe, fayilo igwere mu foda yake. Ndinayesa pamanja, zinatheka, ndinakwera minibasi kubwerera kunyumba ku Chirimba mtima uli m'malo. Chimene sindinafunse n'chakuti shopu ikatsekedwa kompyutayo imatani. Alamu akamaweruka amazimitsa chilichonse pakhoma, kuopa moto komanso kusunga mayunitsi, ngati mmene amachitira eni mashopu ambiri. Ndipo cron siibwereza ntchito imene nthawi yake yadutsa makina ali chizimire. Nditatsegula foda ija mu Julayi 2024 ndinapezamo fayilo imodzi yokha, ya tsiku loyesa lija.

Izi ndinazikonza msanga. Ndinasamutsa backup kuti izichitika masana, kamodzi nthawi ya nkhomaliro, kenanso shopu isanatsekedwe. Ena amaopa kuti pg_dump isokoneza ogulitsa, koma siitero. Imatenga chithunzi cha database mmene ilili pa mphindi imene yayamba, ena akupitiriza kulemba malisiti. Ndinachoka pa cron n'kupita pa timer ya systemd yokhala ndi Persistent=true, kuti nthawi ikadutsa magetsi atazima, kompyuta ikangoyaka ntchitoyo ichitike.

Kugwa kwachiwiri ndiye kunandiwawa. Mu Okutobala mnyamata wina amene ankathandiza kuseri anasiya ntchito, ndipo ndinasintha mapasiwedi onse, chimene chinali choyenera. Koma ndinaiwala kuti pasiwedi imene pg_dump imagwiritsa ntchito ili m'kafayilo ka .pgpass. Kuyambira tsiku limenelo pg_dump inkakanizidwa kulowa, koma gzip inkapitiriza ntchito yake mokhulupirika, kupanikiza zopanda kanthu n'kulemba fayilo yokhala ndi dzina labwino ndi deti lolondola. Ukatsegula foda unkaona mndandanda wokongola, tsiku ndi tsiku, palibe lodumphidwa. Chikomekome cha nkuyu, m'kati muli nyerere. Ndinazindikira kumapeto kwa Novembala ndikukopera mafayilo pa fulashi, pamene kukopako kunatha ndisanaphethire n'komwe. Nditalemba ls -l ndinaona kuti fayilo iliyonse ya milungu isanu ndi umodzi inali ya mabaiti 20. Kumeneko ndiye kukula kwa gzip yopanda kanthu.

Ndinawauza alamu madzulo omwewo, tili pa benchi pakhonde la shopu, anyamata akulowetsa malata.

"Alamu, kuyambira pakati pa Okutobala backup kunalibe. Ndinalakwitsa ndine."

Anakhala chete kanthawi, kenaka anati, "Ndiye kompyutayi ikanapsa, alamu, ngongole za amisiri aja tikanazipeza kuti?"

"Za milungu imeneyi sitikanazipeza."

"Makope aja ndinawasiya chifukwa chokukhulupirirani inu."

Sanakalipe. Koma mawu amenewo ndi amene anasintha mmene ndimagwirira ntchitoyi. M'matebulo amenewa muli ndalama za fizi ya ana a mlongo wanga, muli malipiro a anthu anayi. Database yogwiritsidwa ntchito pang'ono ndi imene imaiwalika msanga, chifukwa siidandaula, siichedwa, siikupatsa chifukwa choti uitsegule.

Pano kapulogalamu ka backup kamachita motere. Kamagwiritsa ntchito pg_dump -Fc, imene imapanikiza yokha popanda gzip, n'kulemba pa dzina longoyembekezera. Kenaka kamafunsa chida chobwezeretsera backup, pg_restore --list, ngati fayiloyo ikuwerengeka, n'kuyerekeza kukula kwake ndi ya dzulo. Ikachepa kwambiri ndiye kuti china chake chalakwika, pakuti database ya shopu siichepa. Zonse zikayenda bwino ndi pamene fayilo imalandira dzina lake lenileni, ndipo kapulogalamuko kamagogoda pa Healthchecks.io, tsamba la pa intaneti lodikira kugogodako, kunena kuti kamaliza. Ubwino wa njira imeneyi ndi wakuti uthenga umabwera pamene kugogoda kwasiya. Kale ndikanakonza zoti vuto likachitika kompyuta inditumizire uthenga, koma kompyuta yozima siitumiza uthenga. Apa tsiku likatha osagogoda, imelo imandipeza pa foni, kaya chifukwa ndi pasiwedi, kaya ndi magetsi, kaya bandulo ya intaneti yatha. Amene mukufunabe kugwiritsa ntchito gzip, ikani set -o pipefail pamwamba pa kapulogalamu kanu, chifukwa popanda imeneyo bash, imene imayendetsa malamulowo, imangomvera pulogalamu yomaliza pa mzere, ndipo yomalizayo imanena kuti zonse zili bwino.

Kenaka ndinayesa kubwezeretsa, chinthu chimene pa miyezi isanu ndi umodzi yoyamba ndinali ndisanachitepo. Pa laputopu yanga pg_restore inayamba kudandaula kuti role (dzina la wogwiritsa ntchito) yakutiyakuti kulibe. Apa ndi pamene ndinamvetsa kuti pg_dump imatenga database imodzi yokha. Maina a ogwiritsa ntchito ndi mapasiwedi awo amakhala kunja kwake, ndipo amafuna pg_dumpall --globals-only. Ndi kafayilo kakang'ono zedi, koma ukakasowa pa tsiku la tsoka, makasitomala ali pamzere, ungathe ola lathunthu ukukumbukira kuti ndani anali ndi chilolezo chotani. Tsopano Loweruka loyamba la mwezi uliwonse ndimabwezeretsa backup ya dzulo lake pa laputopu, n'kuwerenga malisiti kuti alipo angati, n'kuphatikiza ngongole zonse. Nambalayo ndimaiyerekeza ndi imene inalembedwa potseka shopu Lachisanu. Zikafanana ndimalemba deti m'kakope, basi.

Makopi a backup alipo atatu. Imodzi ili pa kompyuta momwemo. Ina ili pa fulashi imene mlongo wanga amapita nayo kunyumba Loweruka. Yachitatu pulogalamu ya rclone imaitumiza ku Google Drive itatsekedwa ndi mawu achinsinsi kudzera mu gpg, ndipo popeza fayiloyo ndi ya 4MB basi, yochepa kuposa kavidiyo ka pa WhatsApp, bandulo siimva n'komwe. Ife a ku Blantyre sitifunika kutiuza chifukwa chake kopi ina iyenera kugona kunja kwa nyumba. Tinaona mu Malichi 2023 mmene madzi ndi matope a namondwe wa Freddy anatsikira m'phiri la Soche n'kukokolola nyumba ku Chilobwe. Fulashi ya m'dirowa ya shopu imapita limodzi ndi shopuyo. Kutseka fayilo nakonso n'kofunika, chifukwa muli maina, manambala a foni ndi ngongole za anthu, ndipo kuyambira 2024 dziko lino lili ndi lamulo loteteza zinsinsi zotere, limene woliyang'anira ndi MACRA. Mawu otsegulira ndinawalemba papepala n'kuwapatsa alamu mu envulopu, kuti tsiku lina ine kulibe asadzasowe potulukira.

Kuzimitsa pakhoma kuja kunali ndi mwana wake wina, amene ndinamupeza mochedwa. Nditayamba kuwerenga log, kaundula wa zochitika, ya ku /var/log/postgresql ndinaona kuti m'mawa uliwonse munali mzere uwu: "database system was not properly shut down; automatic recovery in progress". Ndiko kuti madzulo aliwonse PostgreSQL inkadulidwa pakamwa isanatsanzike, ndipo m'mawa inkayamba yadzikonza. Apa ndiyenera kuiyamikira. Chilichonse chimene wasunga imayamba yachilemba mu WAL, kaundula wake wa zosintha, n'kutsimikiza kuti chafika pa disiki isanakuyankhe kuti zatheka. Magetsi akazima imabwerera mu kaundulayo n'kumalizitsa zimene zinatsala. Inachita zimenezi masiku ambirimbiri, kuphatikizapo kuzima kwa magetsi kwa masana, osataya risiti. Ndinawerengapo malangizo ena oti uzimitse fsync, kutsimikiza kuja kuti zafika pa disiki, kuti database ithamange. Kuno kwathu musayerekeze dala. Liwiro limenelo simukulifuna, ndipo mukugulitsa chinthu chokhacho chimene chikukutetezani magetsi akathima.

Koma pali chinthu chimodzi chimene chimatayika ikadzikonza chonchi, ndipo sindinachimvepo kwa anzanga. PostgreSQL ukasintha mzere siifufuta wakale nthawi yomweyo; imalemba watsopano n'kusiya wakalewo ngati chitsa m'munda. Wozula zitsazo ndi autovacuum, imene imazungulira mphindi iliyonse kuona ngati pali tebulo lofunika kusesa. Imayamba kusesa pamene mizere yakufa yaposa 50 kuphatikizapo 20 pa 100 aliwonse a mizere ya tebulolo. Tebulo lathu la katundu lili ndi mizere pafupifupi 3,000, ndiye kuti pamafunika yakufa 650. ANALYZE, imene imathandiza database kudziwa njira yachidule yofufuzira, imadikira zosintha 50 kuphatikizapo 10 pa 100 aliwonse, kwa ife 350. Tsono chiwerengero cha zosinthazo chimasungidwa bwino pokhapokha seva itazimitsidwa mwadongosolo. Ikadulidwa mwadzidzidzi, pamene ikudzikonza manambala onsewo amabwerera pa ziro. Ife timasintha mizere pafupifupi 200 pa tsiku. Madzulo alamu azimitsa pakhoma, m'mawa tiyambiranso pa ziro. Ndinayang'ana mu pg_stat_user_tables n'kupeza last_autovacuum ndi last_autoanalyze zili mbee, zopanda deti, pa matebulo onse akuluakulu. Seva yotanganidwa imadutsa malire amenewa lisanafike dzuwa pamutu, n'chifukwa chake anthu a seva zikuluzikulu saziona. Zimagwira ife a database zazing'ono ndi magetsi osadalirika.

Ndisakokomeze, palibe chimene chinaonongeka. PostgreSQL ili ndi kusesa kwina kwakung'ono kumene imachita yokha ikamawerenga masamba a tebulo, ndiye matebulo sanatupe. Chokhacho chimene ndinaona n'chakuti lipoti la pamwezi, limene linkatenga masekondi angapo, linayamba kutuluka nthawi yomweyo nditathamangitsa vacuumdb --all --analyze. Lamulo limeneli tsopano limayenda lokha Lolemba lililonse m'mawa, ndipo limatha wina asanamalize kuthira shuga mu tiyi. VACUUM FULL sindiigwiritsa ntchito. Imatseka tebulo lonse n'kulilembanso kuyambira pachiyambi, ndipo pa database ya 60MB palibe malo amene ukuwombola.

Kuzimitsako tinakukonza ndi chizolowezi. Ndinawaonetsa achemwali a pa kauntala kuti adine batani la kompyuta kamodzi, adikire kanyali kazime, ndiye azimitse pakhoma. Za magetsi ongozima okha tinagula UPS, batire yogwirizira kompyuta magetsi akazima, yaing'ono yokhala ndi chingwe cha USB, ndipo pulogalamu ya NUT imamvetsera. Batire ikatsala pang'ono kutha imauza kompyuta kuti izime mwaulemu. Pogula funsani za chingwe chimenechi, chifukwa UPS yopanda chingwe imangochedwetsa kudulidwako ndi mphindi zochepa ngati palibe munthu pafupi. Batire ya UPS siikonda kutentha, ndipo ya kwathu itadutsa mu Okutobala ndi Novembala pansi pa denga la malata inayamba kusunga moto nthawi yochepa kusiyana ndi ili yatsopano. Pa Loweruka la kuyesa lija ndimaizula pakhoma n'kuwerenga mphindi. Ndinazimitsanso seva tsiku lina n'kuyatsa ma checksum ndi pg_checksums --enable, popeza pa PostgreSQL 16 sakhala oyatsa ukangoyika. Ndi iwowa tsamba likaonongeka pa disiki database imakuuza, m'malo mokupatsa nambala yolakwika mwakachetechete.

Tsiku limene shopu inaimadi linali mu Febuluwale 2025, mvula ikugwa. Ndinali ku ntchito kwanga ku Ginnery Corner pamene foni inalira.

"Achimwene, simenti yakana kugulitsika. Misomali ikutheka, penti ikutheka, koma ndikangodina simenti kompyuta ikungozungulira. Bambo ali panowa akufuna matumba 30."

"Achemwali, lembani kaye papepala, apatseni katundu. Ndikuona."

Nditalowa kuchokera kutali ndinayang'ana mu pg_stat_activity, mmene mumaoneka aliyense amene walumikizana ndi database ndi chimene akuchita. Munali mzere umodzi wolembedwa "idle in transaction", wa mphindi 50, ndipo unali wanga. M'mawa umenewo alamu anandipempha kuti ndisinthe mtengo wa simenti. Ndinatsegula psql, polembera malamulo a database, ndinalemba BEGIN kuyamba transaction (zosintha zoyendera limodzi), ndinasintha mtengo, kenaka abwana anandiitana ndisanalembe COMMIT, lamulo lomalizitsa. Mzere wa simenti unakhala wogwidwa m'manja mwanga, ndipo aliyense wofuna kuchotsera matumba pa mzere umenewo anayenera kudikira. Ndinamaliza ndi COMMIT, ndipo achemwali anati yatheka ndisanaike foni pansi. Chikanakhala cha munthu wina amene wachoka, pg_terminate_backend ikanachidula. Tsiku lomwelo ndinaika idle_in_transaction_session_timeout pa mphindi 10. Imabwera ili pa ziro, kutanthauza kuti idzadikira mpaka kalekale. Ndinaikanso log_min_duration_statement pa sekondi imodzi kuti funso lililonse lochedwa lizilembedwa mu log. Ndipo ndinawonjezera pa kapulogalamu tsamba losinthira mitengo, kuti alamu azisintha okha popanda wina kulowa m'mimba mwa database.

Za wotchi ndi zimene sindikanaziganiza. Lachiwiri lina mu Epulo alamu anandiimbira kuti malonda a Loweruka akuoneka ochuluka kuposa ndalama zimene anawerenga, pamene Lolemba m'mawa mukuoneka ngati simunagulitsidwe kanthu. Maganizo a munthu amathamangira kwa antchito pa nkhani zotere, ndipo ndinamva m'mawu awo kuti ayamba kukayikira. Nditayang'ana malisiti ndinaona kuti manambala ake akutsatana bwinobwino, koma a Lolemba m'mawa ali ndi deti la Loweruka madzulo. Ndinapita komweko. Achemwali anandiuza kuti kwa milungu ingapo kompyuta ikamayaka imaonetsa mawu oyera pa chinsalu chakuda n'kuima, iwo amadina F1, imapitiriza. Sananene chifukwa inkagwirabe ntchito. Kabatire kozungulira ka pa motherboard, ka CR2032, kanali katatha, ndiye kompyuta ikachotsedwa pa magetsi inkaiwala nthawi. Ubuntu ikaona kuti wotchi yabwerera m'mbuyo imaikankhira pa nthawi yomaliza imene inasunga, kenaka n'kufunsa nthawi yeniyeni pa intaneti. Masiku onse intaneti inkakonza zinthu mwamsanga wina asanaone. Lolemba limenelo bandulo inali itatha, ndiye kompyuta inakhala pa Loweruka mpaka masana pamene alamu anagula ina. Database inalemba mokhulupirika nthawi imene inauzidwa.

Kabatireko mtengo wake sufika wa nkhomaliro ya pa lesitilanti, koma kanatsala pang'ono kudetsa mbiri ya munthu wosalakwa. Ndinakonza madeti a malisiti aja alamu ali pambali panga akuona, ndipo ndinaika pa kapulogalamu deti ndi nthawi ya seva m'zilembo zikuluzikulu pamwamba, kuti wogulitsa aziiona. Ndinawapemphanso achemwali kuti chilichonse chachilendo, ngakhale chioneke chaching'ono, azingochijambula n'kunditumizira. Poyika nthawi ya seva sankhani Africa/Blantyre, dzina la mzinda wathu lilimo pa mndandandawo. Mukaisiya pa UTC malisiti anu azitsalira ndi maola awiri.

Zokonza zatsopano za PostgreSQL zimatuluka kanayi pa chaka, mu Febuluwale, Meyi, Ogasiti ndi Novembala. Kuchoka pa 16.8 kupita pa 16.9 sikufuna kusamutsa kanthu, umangoyika n'kuyatsanso seva. Koma kuyatsansoko kumadula olumikizana onse, ndiye ndinaichotsa PostgreSQL pa mndandanda wa zimene Ubuntu imadziyikira yokha, ndipo ndimayika pamanja Loweruka shopu itatsekedwa, backup itachitika. Ndimadikiranso milungu iwiri chitulukireni. Mu Novembala 2024 zokonza zinatuluka pa 14, ndipo pa 21 panatulukanso zina zokonza zimene zoyambazo zinasokoneza. Database yathu siioneka pa intaneti, khomo lake la 5432 ndi lotseguka kwa makompyuta a m'shopu okha, ndiye milungu iwiri siiopsa. PostgreSQL 17 inatuluka mu Seputembala 2024 koma sindinaithamangire. Mtundu uliwonse umasamalidwa zaka zisanu, ndipo 16 ifika mpaka Novembala 2028.

Pali zambiri zimene ndinaziopa pachabe. Ndinatha usiku wina ndikuwerenga za transaction ID wraparound, vuto loopsa la kutha kwa manambala a matransaction pa seva zikuluzikulu, mpaka nditawerengetsa: autovacuum imalowerera mokakamiza pa matransaction 200 miliyoni, ndipo ife ngakhale titachita 1,000 pa tsiku tingatenge zaka zoposa 500. Za shared_buffers, memory imene database imadzisungira, ndinazisiya pa 128MB mmene zinabwerera, pakuti database yonse ikukwanamo n'kutsala malo. Max_connections ya 100, malire a olumikizana nthawi imodzi, ndi yochuluka kwa anthu atatu. Ndinayikanso Prometheus ndi Grafana, mapulogalamu oonetsa mmene seva ikuyendera, mwezi wachiwiri, zithunzi zake zokongola kwabasi, koma mizere yonse inali yogona pansi, ndipo patatha sabata ziwiri ndinasiya kuzitsegula. Zinkadya memory yambiri kuposa database imene zinkayang'anira. Chimene chimandipweteka n'chakuti nthawi yonse imene backup inali ya mabaiti 20, zithunzizo zinkaonetsa kuti zonse zili bwino, chifukwa sindinazifunse funso limenelo. Ndinazichotsa.

M'malo mwake muli kapulogalamu ka mizere yosakwana 40 kamene Lachisanu lililonse kamanditumizira imelo imodzi. Kamanena kukula kwa backup yomaliza ndi nthawi yake, malo otsala pa disiki malinga ndi df, zimene smartctl ikunena za umoyo wa SSD, kangati sabata imeneyo seva yadzikonza itadulidwa, mizere ya log yokhala ndi ERROR, FATAL kapena PANIC, ndi checksum_failures ya mu pg_stat_database. Ndimaiwerenga mu minibasi pa Chipembere Highway ndikuchokera ku ntchito. Disiki ndimaiyang'anabe ngakhale ili ndi malo ambiri, chifukwa PostgreSQL ikasowa polemba WAL imaima nthawi yomweyo, ndipo chodzaza disiki nthawi zambiri si database koma zinthu zina zimene wina waikapo. Miyezi itatu iliyonse ndimathamangitsa pg_amcheck kuona ngati ma index, timindandanda tofufuzira msanga, ali bwino, n'kutsegula bokosi la kompyuta kupemerera fumbi la simenti, limene m'shopu ngati imeneyi limalowa paliponse. Ndikaphatikiza zonse, ndi mphindi khumi pa sabata ndi ola limodzi pa mwezi.

Kodi ndingaisankhenso? Eya, mosakayika, pa shopu imeneyi. Ikanakhala kompyuta imodzi yokha ndikanatenga SQLite, imene ndi fayilo imodzi yopanda seva yoyang'anira, ndipo mnzanga wa grosale ku Ndirande ndinamulangiza zomwezo. Koma pamene anthu atatu akulemba nthawi imodzi kuchokera pa makompyuta osiyana, PostgreSQL ndi yoyenera, ndi yaulere, ndipo yapirira nkhanza za magetsi zimene sindikanayembekezera. Chimene ndingaidandaulire n'chakuti zinthu zofunika kwa ife ang'onoang'ono, monga kufufutika kwa manambala a autovacuum ikadulidwa, zili m'mabuku ake koma zobisika pakati pa masamba ambiri a Chingerezi cholimba, ndipo malangizo ochuluka amene umawapeza amalembedwa ndi anthu amene magetsi awo sazima.

Chotsala chimene chinkandisowetsa tulo chinali chakuti zonsezi zinali m'mutu mwanga ndekha. Mwezi watha ndinalemba pepala limodzi, kutsogolo ndi kumbuyo, m'Chichewa, la zoyenera kuchita kompyuta ikafa: kumene kuli fulashi, mmene angayikire PostgreSQL pa kompyuta ina, malamulo anayi olemba motsatana, ndi nambala yoyerekeza pomaliza. Loweruka loyamba la mwezi uno sindinagwire kiyibodi. Ndinapereka laputopu ndi pepalalo kwa achemwali a pa kauntala, ine n'kukhala pa thumba la laimu manja ali m'thumba chifukwa cha kuzizira. Anakakamira pa lamulo lachitatu, pamene ndinalemba dzina la fayilo mosamveka, ndipo tinakonza pepalalo ndi bolopeni pomwepo. Patatha mphindi 25 anawerenga mokweza ngongole zonse zimene laputopu inaonetsa. Alamu anatsegula kakope ka Lachisanu, anatsata ndi chala, anati ndi yomweyo. Pepalalo analiika mu pulasitiki n'kulikhomera kuseri kwa chitseko cha ofesi, pafupi ndi laisensi ya shopu.